Timu ikamagonja: mmene mungadziwire ngati vuto ndi mphunzitsi kapena namba teni

Timu ikangogonja masewero atatu otsatizana, pabwalo pamatsala mawu awiri okha. Ena amakuwa kuti mista, ndiye kuti mphunzitsi, achoke, ena amati namba teni watha, akakhale pa benchi. Mkanganowu mudzaumva ku Ulongwe, ku Moatize, ku Furancungo, ngakhale mu chapa yochokera ku Zobwe Lolemba m'mawa. Kukwiyako n'koyenera. Munthu walipira pakhomo, wapsa ndi dzuwa maola awiri, ndiye akuona timu yake ikutaya mpira ngati anthu amene akumana koyamba tsiku lomwelo. Koma mukaloza chala munthu wolakwika, komiti imachotsa amene analibe mlandu, ndipo mwezi wotsatira timu imagonjabe chimodzimodzi.

Mkangano womwewu ulinso ku America, mu mpira wawo wa ligi ya NFL yomwe ili ndi matimu 32. Kumeneko wosewera wotchedwa quarterback ndiye amalandira mpira timu ikamayamba kuukira, n'kusankha woti amuponyere. Mphunzitsi amamuuza zochita kudzera pa kawailesi ka m'chisoti chake, ndipo kawailesiko kamadulidwa pakatsala masekondi 15 pa wotchi ya masekondi 40. Kuchokera pamenepo zonse zili m'manja mwa wosewerayo. Ounika masewero a kumeneko amagwiritsa ntchito wotchi pogawa mlandu: quarterback akagwetsedwa masekondi awiri asanakwane, olakwa ndi omuteteza kapena amene anakonza kaseweredweko, koma akakhala ndi mpira masekondi anayi anzake ali poyera, wolakwa ndi iyeyo. Mpira wathu ulibe kawailesi, koma funso lake ndi lomwelo. Pamene wosewerayu amalandira mpira, anali ndi poupereka kapena ayi? Zonse zotsatirazi zikuchokera pa funso limeneli.

Konzekerani musanalowe m'bwalo

Tengani kope, cholembera ndi wotchi ya pafoni. Pitani awiri, mmodzi aziyang'ana, wina azilemba, chifukwa mukaweramitsa mutu kuti mulembe mpira umakhala wapita kale. Musakhale kuseri kwa golo kapena pansi pafupi ndi mzere. Pezani malo okwera moyang'anizana ndi mzere wapakati. Ngati bwalo lanu lilibe pokhalapo pokwera, chulu kapena kumbuyo kwa galimoto yoima kumathandiza. Muli pansi mumaona miyendo yokha, muli pamwamba mumaona mipata.

Mizere ya bwalo ikhale muyeso wanu. Bokosi lalikulu limatuluka mamita 16.5 kuchokera pamzere wagolo, penate imamenyedwa pa mamita 11, ndipo bwalo lozungulira la pakati ndi mamita 9.15 kuchokera pakadontho kufika m'mphepete, kutanthauza mamita 18.3 mbali ndi mbali. Pabwalo lotalika mamita 105, kuchoka m'mphepete mwa bokosi kufika pamzere wapakati ndi mamita 36. Nambala yomalizayi muisunge, tiigwiritsa ntchito.

Ngati mukujambula pafoni, igwireni chopingasa, musakokere chithunzi pafupi, ndipo musathamangitse mpira. Mukufuna osewera ambiri aoneke nthawi imodzi. Tsitsani kajambulidwe kakhale pa 720p, apo ayi foni idzadza chigawo choyamba chisanathe. Oonera pa kanema ali ndi vuto lakuti kamera imatsata mpira, choncho aziyang'anitsitsa nthawi ya golokiki, pamene kamera imabwerera m'mbuyo n'kuonetsa mmene timu yonse yaimira.

Masewero amodzi sakwanira. Werengani asanu, atatu a pakhomo ndi awiri a koyenda ngati n'kotheka.

Kumuyeza namba teni

Tikati namba teni sitikunena nambala ya pa jezi. Tikunena wosewera amene mpira umadutsira kwa iye timu ikamapita kutsogolo. M'matimu ena ndi namba sikisi, m'matimu ena ndi namba eyiti. Ku Mambas, timu ya dziko la Mozambique, ntchito imeneyi Dominguez anaigwira zaka zambiri.

Lembani mzere umodzi pa mpira uliwonse umene walandira. Pamzerewo ikani zinthu zitatu. Choyamba, chiwerengero cha anzake amene ali poyera, kutsogolo kwake kapena m'mbali mwake, pamtunda wosapitirira kukula kwa bwalo lozungulira la pakati lija. Woyera ndi amene palibe mdani pakati pa iye ndi mpira. Lembani 0, 1, 2 kapena 3. Wobwerera naye kumbuyo musamuwerenge. Chachiwiri, chongani ngati mpira wafika kwa mnzake, ndipo ikani mtanda ngati watayika. Chachitatu, lembani malo: K ngati ndi kumbuyo, P pakati, T kutsogolo.

Masewero akatha, yang'anani mitanda yokha. Mitanda imene yagwera pa 2 ndi 3 ndi ya wosewerayo. Anali ndi njira ziwiri kapena zitatu, sanazione, kapena anaziona mochedwa, kapena mwendo unamunamiza. Mitanda imene yagwera pa 0 ndi 1 si yake. Munthu wapatsidwa mpira adani awiri ali pamsana, anzake onse athawira kutsogolo n'kuima pamzere umodzi ndi otchinga a timu inayo, ena abisala kuseri kwa adani. Ngakhale mutabweretsa katswiri wochokera ku Ulaya angautaye. Ziro akachuluka m'kope lanu sabata ndi sabata, ndiye kuti timu siphunzitsidwa poima, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mphunzitsi. Ochemerera ambiri amalakwitsa pomwepa, chifukwa diso limakumbukira amene wataya mpira, silikumbukira anayi amene sanasunthe.

Kenako werengani mizere yonse. Ngati m'chigawo chathunthu cha mphindi 45 wagwira mpira kosakwana ka 15, vuto layambira kumbuyo kwake. Mwina otchinga akungomenya mipira yaitali yodutsa pamwamba pa mutu wake, mwina adani amuikira munthu womutsata paliponse ndipo palibe amene akumuthandiza pomuchotsera munthuyo. Pamenepa onani ngati iye akuyesetsa kudzionetsa. Wosewera amene wataya mtima amaima kuseri kwa mdani dala kuti asapatsidwe mpira. Zimenezi zimaoneka bwino mukakhala pamwamba, ndipo zikachitika kawirikawiri ndi mlandu wake.

Pali zinthu zina zimene kope silingagwire koma maso angathe. Sankhani mphindi khumi, musiye mpira, muziyang'ana mutu wake wokha. Mpira usanamufike, kodi akucheuka kuona za kumbuyo kwake? Geir Jordet, wofufuza wa ku Norway amene wakhala akuwerenga kucheuka kwa osewera kwa zaka zambiri, anapeza kuti akatswiri apakati monga Xavi amacheuka kangapo m'masekondi khumi omaliza mpira usanawafike, ndipo ocheuka kwambiri ndiwo amapereka mipira yolondola yopita kutsogolo. Wosewera amene maso ake ali pa mpira basi amayamba kuganiza mpira utafika kale, ndiye amafuna kuugwira katatu kapena kanayi, ndipo pofika kachitatu mdani wafika. Onaninso mmene waimira. Akalandira chifuwa chitaloza ku golo lake lomwe, njira yake ndi yobwerera kumbuyo basi. Akaima cham'mbali, phewa limodzi kutsogolo, n'kulandira ndi mwendo wakutali ndi kumene mpira ukuchokera, bwalo lonse limamutsegukira. Kugwira koyamba kukamadumpha mita imodzi kapena awiri, funsani kaye za bwalo. Ngati mpira ukudumphira aliyense, ndi mabampu. Ngati ukudumphira iye yekha, ndi iyeyo.

Chenjerani ndi namba teni amene sataya mpira n'komwe. Kawirikawiri amakhala akupereka cham'mbali ndi kumbuyo kokha, kuopa kukuwizidwa. Wopanga masewero weniweni amataya mipira ina, chifukwa amayesa yodutsa pakati pa otchinga. Mtanda wokhala ndi T pambali si woopsa, timu ili ndi bwalo lonse loti ibwezeretse. Mtanda wokhala ndi K ndiwo umabala zigoli za adani. Ndiye mitanda isanu ya kutsogolo ndi yabwino kuposa iwiri ya kumbuyo.

Nthawi zina wosewera ndi wabwino koma waikidwa pamalo posayenera. Andrea Pirlo ankasewera kuseri kwa omwetsa zigoli ndipo zinthu sizinkamuyendera ku timu ya Inter ya ku Italy. Mu 2001, ali ku Brescia, Carlo Mazzone anamubweza kumbuyo kuti azisewera patsogolo pa otchinga, kumene kunali mpata wokweza mutu, ndipo Carlo Ancelotti anapitiriza zomwezo ku AC Milan. Ngati wanu ali ndi diso koma alibe liwiro lothawa adani pamalo pothina, funso loyenera si loti achoke, koma loti abwerere mamita 15 kumbuyo, ndipo pambali pake paikidwe munthu wolanda mipira.

Kumuyeza mphunzitsi

Mphunzitsi samenya mpira, choncho ntchito yake imaoneka pa zinthu zobwerezabwereza. Cholakwika chochitika kamodzi ndi cha wosewera. Cholakwika chomwecho, pamalo omwewo, m'masewero atatu, ngakhale osewera asinthidwe, ndi cha mphunzitsi.

Yambani ndi kutalika kwa timu. Adani akakhala ndi mpira pakati pabwalo, yezani mtunda wochokera kwa wotchinga womalizira kufika kwa womwetsa zigoli wanu. Timu yophunzitsidwa bwino imakwana m'mamita 36 aja, pakati pa bokosi ndi mzere wapakati, nthawi zina n'kucheperapo. Mukaona otchinga aima m'mphepete mwa bokosi pamene akutsogolo ali mkati mwenimweni mwa chigawo cha adani, timu yaduka pawiri. Apakati awiri kapena atatu amatsala ndi dera lalikulu loti athamangemo, amatopa msanga, ndipo akalanda mpira amakhala opanda mpweya woti aganize. Anthu amati namba teni ndi waulesi, chonsecho wakhala akuthamanga mtunda wa anthu awiri. Yezani zimenezi kasanu pa chigawo chilichonse, mphindi zosiyanasiyana, n'kulemba kuti yakwana kapena sinakwane.

Chachiwiri ndi golokiki. Kuyambira mu 2019 lamulo limalola kuti mpira wa golokiki ulandiridwe mkati mwa bokosi, ndipo kuchokera pamenepo matimu ambiri anayamba kuyambira kumbuyo mopatsirana. Ndi kaseweredwe kabwino pa kapinga wosalala ndi otchinga odziwa kugwira mpira. Pa bwalo la fumbi ndi miyala, monga ambiri a m'maboma mwathu, n'kuika moto padenga. Werengani magolokiki khumi. Lembani kuti ndi angati amene timu yadutsa nawo mzere wapakati mpira uli m'miyendo yake. Ngati asanu ndi awiri atayika musanafike pakati ndipo mphunzitsi akulozabe kuti apatsirane, mlandu ndi wake. Chimodzimodzi ngati goloboyi akumenya wautali kulunjika kwa womwetsa zigoli wamfupi amene akulimbana ndi chimphona, popanda mnzake woima pafupi kudikira mpira wogwa. Mpira wachiwiriwo ndiwo umasonyeza ngati zinakonzedwa. Timu yokonzeka imasonkhana mbali imodzi goloboyi asanamenye.

Makona ndi mafirikiki ndiwo amaulula mphunzitsi mosabisa, chifukwa mpira waima ndipo aliyense ali ndi nthawi yopita pamalo pake. Adani akamamenya kona, onani ngati osewera anu akuloza-lozana, kufunsana kuti uyu ndi wa ndani. Kuloza-lozanako kumatanthauza kuti sizinakambidwe mkati mwa sabata. Onani ngati pali munthu pa mtengo wapafupi, ndi wina m'mphepete mwa bokosi wodikira mpira wobwerera. Kona ikakhala yanu, werengani otsala kumbuyo. Ayenera kuposa adani otsala kutsogolo ndi munthu mmodzi: adani akasiya awiri, inu musiye atatu. Timu imene imamwetsedwa chigoli kuchokera pa kona yake yomwe kawiri pamwezi ili ndi vuto la pa bolodi, osati la miyendo.

Tsopano tengani zigoli zonse zimene timu yamwetsedwa m'masewero asanu aja, muzigawe m'magawo asanu ndi limodzi a mphindi 15. Zikaunjikana m'mphindi 15 zoyambirira, funsani za kukonzekera: timu inafika nthawi yanji, inatenthetsa thupi mphindi zingati, inauzidwa chiyani za adani. Zikaunjikana pakati pa mphindi 46 ndi 60, mphunzitsi wa adani akuwerenga masewero popuma kuposa wanu. Zikaunjikana kumapeto, ndi mphamvu za m'thupi kapena kasinthidwe ka osewera.

Za kusintha osewera tinenepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ochemerera amapsa mtima kwambiri. M'mipikisano yambiri ikuluikulu malamulo tsopano amalola kusintha osewera asanu, koma masewero angaimitsidwe katatu kokha chifukwa cha kusinthako, osawerengera nthawi yopuma. Ndiye mphunzitsi amene walowetsa mmodzi pa mphindi 55, wina pa 62, wina pa 70, watseka chitseko, ndipo wina akavulala pa 75 timu imaliza ndi anthu khumi. Musamuweruze poona dzina la wotuluka. Onani chimene chasintha m'mphindi khumi zotsatira: kodi ziro aja achepa m'kope? Kodi timu yafupika? Ngati wachotsa womwetsa zigoli n'kulowetsa wapakati ndipo mwayamba kusunga mpira, wachita bwino ngakhale bwalo lonse likuwe. Ngati timu ikugonja ndipo iye wangounjika akutsogolo anayi n'kusiya pakati popanda munthu, wachita mantha.

Kuno ku Tete palinso nkhani ya kutentha, ndipo mphunzitsi amene saiganizira sakudziwa dera lake. Mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize, m'chigwa cha Zambezi, kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Ku Angonia ndi ku Tsangano ndi kumapiri, kozizira. Timu yozolowera mphepo ya ku Ulongwe ikatsikira kuchigwa n'kuyamba kuthamangitsa adani bwalo lonse kuyambira mphindi yoyamba, pofika mphindi 60 miyendo imakhala yatha. Kumeneko nzeru n'kudikira pakati pabwalo, kusankha nthawi zochepa zothamangitsa, ndi kusunga osintha atatu a chigawo chachiwiri. Malamulo amalola oyimbira kupereka kanthawi komwa madzi kosapitirira mphindi imodzi, kapena koziziritsa thupi kwa masekondi 90 mpaka mphindi zitatu. Yang'anani benchi panthawiyo. Mphunzitsi wodziwa ntchito amakhala ataitana kale apakati ake n'kuwauza chinthu chimodzi chomveka.

Zotsatira zokha zimanamiza

Kumbukirani Mambas pa mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024. Pa 14 anamwetsedwa ndi Egypt m'mphindi zoyambirira, anabwerera m'chigawo chachiwiri ndi zigoli za Witi ndi Clésio, ndipo anatsala pang'ono kupambana mpaka Mohamed Salah anagoletsa penate m'nthawi yowonjezera, kutha 2-2. Patangopita masiku asanu anagonja 3-0 ndi Cabo Verde. Pa 22 anali kumbuyo 2-0 ndi Ghana mpaka mphindi 90, kenako Geny Catamo anagoletsa penate, Reinildo n'kumenya ndi mutu chofananitsa. Mphunzitsi anali yemweyo, Chiquinho Conde, masewero onse atatu. Woweruza ndi zotsatira zokha akanamutamanda Lamlungu, kumuchotsa Lachisanu, n'kumubwezeretsa Lolemba.

Onaninso mbali ya Ghana. Kona imene Reinildo anagoletsera inabwera chifukwa goloboyi Richard Ofori anakhudza mpira umene unkatuluka wokha. Chimenecho n'cholakwika cha munthu mmodzi pa sekondi imodzi, palibe mphunzitsi angachikonze ali pa benchi. Koma kuti timu imene ikutsogola ndi zigoli ziwiri ibwerere yonse m'bokosi n'kusiya kusunga mpira, funso limenelo limapita kwa mphunzitsi. Chris Hughton anachotsedwa tsiku lotsatira. Pa chigoli chilichonse chimene timu yanu yamwetsedwa, bwererani m'mbuyo masekondi 20, mupeze pamene zinayambira kusokonekera, osati pamene zinathera.

Ndiye m'kope lanu onjezani tsamba la mipata yeniyeni, ija yoti womwetsa zigoli ali mkati mwa bokosi, mpira uli pamwendo, patsogolo pake pali goloboyi yekha kapena wotchinga mmodzi. Zomenya za kutali ndi mamita 30 musaziwerenge. Timu imene ikupanga mipata yotere inayi kapena isanu pa masewero n'kumagonjabe 1-0 ili pa njira yabwino, ikusowa womaliza kapena mwayi. Timu imene ikupanga umodzi, ngakhale ipambane ndi penate, ikudwala.

Wolakwa wachitatu amene sakhala m'bwalo

Musanatseke mlandu, funsani mafunso amene sayankhidwa ndi kope. Kodi osewera alandira malipiro a miyezi ingati chaka chino? Amachita zokonzekera kangati pa sabata, ndipo amafika angati? Mphunzitsi sangaphunzitse poima pa kona ngati Lachinayi pabwera anthu 12, ena ali kumunda, ena kumsika kusaka ya ndiwo. Kodi timu inayenda liti? Mozambique ndi dziko lalitali, kuchoka ku Tete kufika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 1,500, ndipo ngakhale mu mpikisano wa m'chigawo chathu chomwechi timu imene yanyamuka m'bandakucha tsiku la masewero, anthu 25 m'galimoto imodzi, imalowa m'bwalo miyendo itauma kale. Kodi anagula osewera ndani, mphunzitsi kapena akuluakulu a komiti? Ngati mphunzitsi anapempha wapakati wolanda mipira n'kupatsidwa akutsogolo atatu, dzenje la pakati lija si lake yekha.

União Desportiva do Songo inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2017, 2018 ndi 2022, ndipo sanali mphunzitsi mmodzi zaka zonsezo. Chimene sichinasinthe ndi thandizo lokhazikika la kampani ya magetsi ya Cahora Bassa kumbuyo kwa timuyo. Matimu ambiri a m'chigawo chino alibe msana wotere, ndipo n'kulakwa kuyeza mphunzitsi wawo ndi muyeso wa ku Songo.

Kodi kuchotsa mphunzitsi kumathandiza?

Pa Chipwitikizi amati chicotada psicológica, chikwapu chodzutsa maganizo. Nthawi zina chimagwira. Côte d'Ivoire inachotsa Jean-Louis Gasset mpikisano wa mu 2024 uja uli mkati itagonja 4-0 ndi Equatorial Guinea, Emerse Faé anatenga timu, ndipo anakatenga chikho. Koma osewera anali akatswiri kale, chimene chinasowa chinali mtima ndi kasankhidwe ka oyamba. Manchester United yasintha aphunzitsi kuyambira pamene Alex Ferguson anapuma mu 2013, David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Ole Gunnar Solskjær, Erik ten Hag, Ruben Amorim, ndipo pofika 2025 inali isanatengenso ligi. Pamene aphunzitsi osiyana kaganizidwe onse akulephera pamalo amodzi, matenda ali pamwamba pawo.

Kumbukiraninso kuti mphunzitsi amachotsedwa timu ikakhala pansi penipeni, pambuyo pa masewero ovuta kapena tsoka lotsatizana. Zotsatira zikanakwerako pang'ono ngakhale akanakhala. Choncho wobwerayo akapambana awiri oyamba, musatseke kope. Yezaninso kutalika kwa timu, magolokiki ndi ziro aja. Ngati manambala sanasinthe, kugonja kubweranso.

Ifeyo timaona kuti mphunzitsi ayenera kuchoka zinthu zitatu zikakumana: zolakwika zobwerezabwereza sizikusintha pa masewero asanu kapena kuposa, malipiro ndi zokonzekera zili bwino, ndipo osewera asiya kubwerera kumbuyo mpira ukatayika. Chachitatuchi chiyeseni chonchi: mpira ukangotayika, werengani masekondi asanu, muone angati athamangira mpirawo kapena kubwerera kumalo awo. Akakhala awiri okha, ena akuyenda manja m'chiuno chigawo choyamba chisanathe, mawu a mphunzitsi sakulowanso m'makutu mwawo. Namba teni ayenera kupuma ngati mitanda yake yambiri ili pa 2 ndi 3, sakucheuka, ndipo pa benchi pali wina amene mwamuonapo akuchita bwino ntchito yomweyo. Ngati palibe woteroyo, kumuchotsa n'kungosamutsira vuto kwa mwana wa zaka 19 amene adzakuwizidwe kuposa iye.

Zimene mwapezazo mupite nazo kuti

Kukuwiza wosewera masewero ali mkati kumawonjezera matenda omwe mukudandaula nawo. Amayamba kubisala kuseri kwa adani ndi kupereka mipira ya kumbuyo. Kuponya miyala kapena mabotolo kumabweretsa chindapusa ndi kutsekedwa kwa bwalo, ndipo ndalama ya chindapusayo imachoka pomwe pakanachokera malipiro a osewera.

Lembani zimene mwapeza pa pepala limodzi lokha: masewero asanu, masiku ake, mitanda ya pa 0 ndi 1 poyerekeza ndi ya pa 2 ndi 3, kangati timu inakwana m'mamita 36, magolokiki angati anadutsa pakati, ndi mphindi zimene zigoli zinalowa. Perekani pepalalo kudzera kwa mtsogoleri wa ochemerera, lipite kwa mlembi wa timu, ndipo pemphani kukumana mkati mwa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu, osati pakhomo la bwalo masewero atangotha. Pitani anthu atatu kapena anayi, osati gulu. Kwa mphunzitsi funsani funso lokhala ndi nambala, mwaulemu wake: "Mista, m'masewero asanu apitawa tamwetsedwa zigoli zinayi pa kona, zitatu pa mtengo wapafupi. Kodi pamenepo pamayenera kuima ndani?" Kwa akomiti funsani za malipiro, za mayendedwe, ndi za amene amasankha osewera ogulidwa. Pomaliza gwirizanani tsiku lodzakumananso pakapita masewero ena atatu, ndipo mudzabwere ndi kope lomwelo.